Jakisoni wa magnesium amatikwanira ife onenepa?

Admin chonde bisani dzina. Ndine mayi wa ku Linthipe kuno ku Dedza, mimba yachiwiri miyezi 8. Ku sikelo dzana ndinalemera makilo 104, ndipo thupili ndi langa kale, si mimba yokha ayi. BP inali 150/100, mumkodzo apezamo protein, mapazi atupa moti masilipasi akukana kulowa. A nesi akuti ikafika 160/110 kapena mutu ukandigwira kwambiri andibaya magnesium kuti ndisakomoke. Nde funso langa, mlingo wake ndi umodzi kwa aliyense eti? Ine ndi mzanga wa makilo 55 atibaye zofanana, kwa ine zikwana bwanji? Ndimafuna kufunsa koma mzere unali wautali komanso manyazi.

Mzamba wa ku Ntcheu: Mwafunsa bwino asisi. Timayamba ndi magalamu 4 mumtsempha ndi 5 thako lililonse, kenako 5 pa maola 4 aliwonse mpaka atakwana maola 24 mutachira. Ndi zoona kuti mwa munthu wathupi mankhwalawa amamwazika kwambiri nde m'magazi amapezeka ocheperako, komanso singano ikakhala yaifupi imathera m'mafuta osafika pamnofu. Koma kuonjezera mwachisawawa nkoopsa, akachuluka amafooketsa kupuma, nchifukwa chake timagogoda bondo, kuwerenga mapumidwe ndi kuyeza mkodzo tisanabayenso. Zoonjezera amagamula ndi adokotala. Inu pemphani singano yaitali, komanso poyeza BP akumangeni lamba wamkulu, wamng'ono amakweza manambala.

Amayi ena: Chepetsani nsima ndi kachewere mwanawe, muzimwa adyo m'madzi ofunda BP itsika yokha.

Mzamba: Ayi amayi, adyo satseka kukomoka ndipo ino si nthawi yodzimana chakudya. Magnesium yemweyo satsitsa BP, mankhwala a BP ndi ena.

Mayi wa ku Lizulu: Ine anandibaya ndili ndi makilo 98. Kutentha kwake eee, ngati akuthira makala thupi lonse Dedza yozizirayi, matako kuwawa sabata yathunthu koma sindinakomoke, mwana pano akuyenda. Pitani mukadikilire kuchipatala cha boma, musadalire njinga yamoto usiku.

Wofunsa: Zikomo nonse. A mzamba, kuyambira m'mawa maso akuona tinyenyezi ndipo pachifu pakuwawa, ndidikire Lachinayi la sikelo?

Mzamba: Musadikire. Tengani buku la sikelo munyamuke pompano.