Kodi kuonetsa achinyamata olakwira malamulo anthu ovulala kumasinthadi khalidwe lawo?

Nachisale:
Ndimagwira ntchito ndi achinyamata amene khoti linawapeza olakwa pa milandu ya ndewu ndi kuyendetsa galimoto ataledzera. Anzanga ena akufuna kuti tiziwatengera kuchipatala kuti akaone ndi maso awo anthu amene anavulala kwambiri pangozi. Kodi pali umboni woti njira imeneyi imathandiza, kapena mantha ake amatha akangotuluka pakhomo la chipatala?

Bambo Mbewe:
Mayi Nachisale, njira imeneyi si yachilendo. Pulogalamu yotchedwa P.A.R.T.Y. inayamba m'chaka cha 1986 pachipatala cha Sunnybrook mumzinda wa Toronto ku Canada, ndipo inafalikira mpaka ku Australia. Achinyamata amatsata ulendo wonse wa munthu wovulala, kuyambira m'chipinda cholandirira anthu a pangozi mpaka ku wodi ya odwala mwakayakaya, kumene amaona munthu akupuma ndi makina, paipi ili kukamwa. Pomaliza amacheza ndi munthu amene anathyoka msana, yemwe amawafotokozera mosabisa kuti tsopano amachita kusambitsidwa. Kafukufuku amene anachitika mumzinda wa Perth ku Australia, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti olakwira malamulo amene anachita nawo maphunzirowa sanabwererenso kawirikawiri kumilandu ya pamsewu ndi ya ndewu poyerekeza ndi anzawo amene sanapiteko.

Mayi Gondwe:
Zimene mwanenazo n'zoona, Bambo Mbewe, koma tisathamangire kuomba m'manja. Achinyamata a ku Perth aja sanasankhidwe mwa maere. Anachita kutumizidwa ndi oweruza milandu, ndipo n'kutheka kuti oweruzawo ankatumiza amene ankaoneka kale kuti ndi omva malangizo. Tikumbukirenso pulogalamu ya Scared Straight, imene inayamba m'zaka za m'ma 1970 kundende ya Rahway ku New Jersey m'dziko la America, kumene akaidi ankakalipira ndi kuopseza ana kuti asadzalowe m'ndende. Anthu ambiri anaikonda, koma katswiri wofufuza Anthony Petrosino ndi anzake ataunika kafukufuku amene ana ake anasankhidwa mwa maere, anapeza kuti amene anaopsezedwawo ndi amene anapalamula kwambiri pambuyo pake. Sindikunena kuti wodi n'chimodzimodzi ndi ndende, pakuti namwino sakalipira munthu, koma amene akudalira mantha okha aganizirenso bwino.

Bambo Kalua:
Ine ndikuona kuti vuto lenileni si umbuli. Mnyamata wa zaka 17 amadziwa bwino kuti liwiro limapha, ndipo mukamufunsa ali yekha amayankha mwanzeru. Zinthu zimasintha anzake akakhala pampando wakumbuyo. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2005, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pakompyuta, ndipo achinyamata ankachita zoopsa kwambiri anzawo akamawaonerera, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Choncho, Mayi Nachisale, ngati mungawatengere kuchipatala, ulendowo usathere pomwepo. M'masabata otsatira ayeserere zimene angachite pa nthawi yovutayo: mawu enieni okanira kukwera galimoto ya woledzera popanda kuoneka wamantha, njira yochokera pamalo pamene mkangano wayamba, ndiponso kugoneka cham'mbali mnzawo amene wakomoka ndi mowa kuti asatsamwidwe ndi masanzi.

Nachisale:
Zikomo nonse. Tipempha chipatala chitilole, koma tizilemba milandu ya amene apita ndi ya amene sanapite kwa chaka chathunthu, ndipo opita tiwasankha mwa maere.