Nthano imodzi, matanthauzo atatu: ana ndiwauze ziti?

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Ndimaphunzitsa Chichewa Fomu 3 pasukulu ina kuno ku Ndirande. Lachiwiri lapitali tinkasanthula nthano ya Kamdothi, mwana uja anachita kuumbidwa ndi mayi wosabereka, n'kudzasungunuka ndi mvula.

Mtsikana wina anati nthanoyi ikuonetsa mmene anthu amamutonzera mkazi wopanda mwana, mpaka kukafika poumba wadothi. Mnyamata wina anakana, akuti nkhani ndi kusamvera makolo basi. Ine n'kuti nditakonzekera za kalukidwe ka nthanoyo: kubwerezabwereza kwa nyimbo, ndi mmene mitambo imayandikirira pang'onopang'ono. Kenaka wina kumbuyo anakweza dzanja: "Ndiye Madamu, pa MSCE tidzalembe ziti?" Onse anafa nalo phwete, ine kakasi, choko m'manja.

Kunena zoona, maganizo a mtsikana uja anandigwira mtima kuposa anga omwe. Koma ndikangowauza kuti zonse n'zoona, mawa andilembera zam'mutu mwawo, zopanda umboni wa m'nkhanimo. Inu mumawathandiza bwanji kusiyanitsa kusanthula ndi kungopeka? Nanga njira ija yochokera pa maganizo a Karl Marx, yoyang'ana za olemera ndi osauka, mumaiyambira ku sekondale komwe kuno, kapena tiwasiyire a ku yunivesite?