Adadi sakumva bwino, mwana naye khutu likutuluka mafinya, titani?

mwana_wa_chigayo:
Abale ndithandizeni nzeru. Adadi anga ali ndi zaka 67, anagwira ntchito pa chigayo zaka zambirimbiri, pano ukawayankhula amangoti "eti?" wailesi amaika voliyumu mpaka aneba kudandaula, pamaliro kapena kutchalitchi amangokhala duu ngati akwiya pomwe sakumva zomwe zikukambidwa. Amayi akuti ndi ukalamba basi tizingowakuwira. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wa achemwali anga wa Standard 2, khutu limatuluka mafinya, limasiya kenako kuyambiranso, ndiye aphunzitsi akuti ndi wamwano sayankha akaitanidwa. Kodi naye akupita komweko?

nesi_wa_ku_dera:
Achimwene, za mwanayo musachedwe nazo. Mafinya obwerezabwereza nthawi zambiri ndiye kuti kachikopa kamkati mwa khutu kanabooka, ndipo akakhala choncho miyezi kumva kumachepadi. Si mwano ayi, sakumva. WHO imati pafupifupi 60% ya vuto la kumva mwa ana imapeweka, ndiye ganizani ana angati akukwapulidwa m'makalasi chifukwa cha khutu lomwe likanachira ndi mankhwala. Zina zomwe zimapha makutu a ana kuno ndi malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, chikasu chachikulu atangobadwa, ngakhale mankhwala ena ngati gentamicin ndi quinine. Musathiremo mafuta ophikira kapena madzi a masamba, nthenga ya nkhuku ndi ndodo ya machesi ayinso chonde, ndipo posamba madzi asalowemo. Yambirani ku health centre akutumizani, ku Queens ku Blantyre kuli chipatala choyeza makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ku African Bible College.

Chisale_weniweni:
Inetu ndikuti amayi anu akunena zoona, munthu akakula makutu amatha, agogo anga anafika 90 tikuwakuwira ndipo anali bwinobwino kkkk

nesi_wa_ku_dera:
Kukula kumachepetsadi kumva, mwa anthu opitirira zaka 60 oposa mmodzi mwa anayi ali ndi vuto lalikulu ndithu. Koma bambowa phokoso la chigayo ndi lomwe lawonjezera, ndipo zomwe phokoso lawononga mkatimo sizibwerera. Chomwe chingatheke ndi kuwayeza, pena umapeza khutu langodzadza phula louma, akachotsa munthu n'kudabwa. Ngati sizo pali timakina tovala kukhutu. Kukuwako sikuthandiza kwenikweni, mawu amangosokonekera, bola muziwayang'ana kumaso n'kumayankhula momveka, wailesi itazimitsidwa.

mphunzitsi_wa_pulayimale:
Ine ndimaphunzitsa kalasi ya ana oposa 100, ndinene zoona mwana wosamva bwino akakhala kumbuyo watayika, amangobwereza kalasi mpaka kusiya sukulu anthu n'kumati ndi mbuli. Achemwali anuwo apite akauze aphunzitsi amuike kutsogolo, khutu labwinolo liloze kwa aphunzitsi, zimenezo ndi zaulere. Kwa ana omwe samveratu kuli sukulu zake, Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba, koma malo ndi ochepa ndipo makolo ambiri amabwera mwana ali kale ndi zaka 10 alibe chinenero chilichonse, ngakhale chamanja. A MANAD, bungwe la anthu osamva kuno ku Malawi, amathandiza kumbali ya chinenero chamanjacho.

DJ_wa_pa_Ndirande:
Mwandiopsezatu apa. Ine ndili ndi zaka 24, ndikachoka koimba pa ukwati makutu amalira mpaka mawa lake, nanga ndimakhala pafupi ndi ma speaker tsiku lonse, kenako mu minibus ma earphone. Ndiye kuti nane ndayamba?

nesi_wa_ku_dera:
Kulirako ndi chenjezo mphwanga. Gula zotseka m'makutu zija amavala a m'mafakitale, uziima kumbuyo kwa ma speaker, ukayezetsenso.

mwana_wa_chigayo:
Zikomo nonse. Mwanayo achemwali apita naye Lolemba. Adadi ndiye nkhani ilipo, akuti iwo akumva bwinobwino ndife amene timayankhula motsitsa dala.