Amayi a jazi oimba uku akuliza chida: kodi mawu anawakweza kapena anakwirira luso lawo?

Nangozo

Ndikupempha maganizo kwa inu amene mwatsatira nyimbo za jazi kwa nthawi yaitali. Powerenga mbiri ya amayi amene ankaimba kwinaku akuliza chida, ndaona kuti ambiri anayamba ngati akatswiri a chidacho, koma anthu amawakumbukira chifukwa cha mawu awo okha. Sarah Vaughan analowa m'bandi ya Earl Hines mu 1943 kuti aziimba komanso aziliza piyano yachiwiri, koma lero ndi ochepa amene amadziwa kuti ankakhalako pa piyano. Carmen McRae nayenso analizapo piyano ku Minton's Playhouse, malo oimbirako jazi a ku Harlem mumzinda wa New York, asanatchuke. Kodi kuimba ndi mawu kunawatsegulira njira amayiwa, kapena kunakwirira luso limene analivutikira kwambiri?

Chisale

A Nangozo, ine ndikuona kuti gwero la nkhaniyi ndi ndalama, ndipo mbiri ya Nina Simone ikuonetsa zimenezi poyera. Mayiyu, amene dzina lake lenileni linali Eunice Waymon, anakula akuphunzira piyano ya nyimbo zachikale za ku Ulaya ndipo cholinga chake chinali chodzaliza nyimbo zimenezo m'maholo akuluakulu. Sukulu ya Curtis Institute of Music ku Philadelphia inamukana malo, ndipo iye anakhulupirira moyo wake wonse kuti anamukana chifukwa cha khungu lake. Mu 1954 anapeza ntchito yoliza piyano m'bala ina ku Atlantic City, kumene mwini malowo anamuuza kuti ngati akufuna kupitiriza ntchitoyo ayenera kumaimbanso. Dzina lakuti Nina Simone analitenga nthawi yomweyo pofuna kuti mayi ake, amene anali mlaliki, asadziwe kumene akugwira ntchito.

Kwa mwini bala, munthu mmodzi wochita ntchito ziwiri ndi wotsika mtengo kuposa anthu awiri, ndipo makasitomala amakopeka msanga ndi mawu kuposa zala. Choncho yankho langa ndi lakuti mawu anawadyetsa amayiwa, koma ambiri sanasankhe okha njirayo. Sukulu ya Curtis inadzamupatsa Nina digiri yaulemu mu 2003, kutangotsala masiku ochepa kuti amwalire.

Nabanda

Zimene mwanenazo n'zoona, a Chisale, koma sindikugwirizana ndi maganizo akuti chida chinakwiririka. Kwa ena mwa amayiwa, kudziliza okha ndiko kunapangitsa kuti mawu awo amveke mmene timawadziwira. Woimba amene akulizidwa ndi munthu wina amayenera kudalira kuti mnzakeyo amva pamene akufuna kupuma, pamene akufuna kuchedwetsa liwu, ndi pamene akufuna kuti pakhale bata. Woimba amene ali pa piyano yekha safunika kupempha zimenezi kwa aliyense, chifukwa mpweya ndi zala zikulamulidwa ndi mutu umodzi.

Shirley Horn wa ku Washington ndiye umboni wanga. Ankaimba nyimbo mwapang'onopang'ono kwambiri, mwakuti woliza piyano wina akanafulumira kudzaza mipata imene iye ankaisiya dala. Miles Davis, katswiri wa lipenga la jazi, anamva chimbale chake choyamba ndipo anamuitana kuti azitsegulira zoimba zake ku Village Vanguard, malo oimbirako jazi a ku New York, mu 1961. Koma kampani ya zimbale ya Mercury itamutenga, inamujambula akuimba pamene ena akuliza piyano, ndipo kwa ine zimbale zimenezo, ngakhale n'zabwino, zikumveka ngati za woimba wina aliyense waluso wa nthawi imeneyo. Kenako anabwerera kwawo kukalera mwana wake, n'kumaimba m'madera apafupi kwa zaka zambiri. Atayamba kujambula ndi kampani ya Verve mu 1987, ali pa piyano yake ndi anzake awiri, wa besi ndi wa ng'oma, mpamene dziko linamumvetsa, mpaka analandira mphoto ya Grammy mu 1999. Chomvetsa chisoni n'chakuti matenda a shuga anadulitsa phazi lake chakumapeto kwa moyo wake, ndipo popeza piyano imafuna phazi pa chopondera, anakakamizika kwa kanthawi kusiyira wina mpando umene anaumenyera nkhondo.

Ndikuganiza kuti womvera amene amati amakonda mawu a Shirley Horn amakhala akuyamikiranso piyano yake mosazindikira.

Gama

Mwakamba za piyano yokha, pamene vuto lenileni linali kwa amayi oliza zida zina. Piyano inkaloledwa kwa mtsikana chifukwa inkapezeka m'nyumba ndi m'tchalitchi, koma lipenga, sakisofoni ndi besi zinkaonedwa ngati za amuna. Valaida Snow, amene anabadwa mu 1904, ankaliza lipenga mwaluso mpaka anthu anamupatsa dzina lakuti "Little Louis" pomufanizira ndi Louis Armstrong, katswiri wotchuka wa lipenga, komabe anatchuka kwambiri ku Ulaya kusiyana ndi kwawo ku America, ndipo ankayenera kuimba ndi kuvina pamodzi ndi lipengalo. Dziwaninso kuti woliza lipenga sangaimbe nthawi imodzimodziyo, motero mwayi umene a Nabanda afotokoza sumukhudza. Iye amasinthanitsa ziwirizo, ndipo omvera amasankha chimene akufuna kukumbukira.

Tisaiwalenso kuti amuna ena zinawachitikira. Nat King Cole anali mmodzi mwa akatswiri a piyano ya jazi asanasanduke woimba wotchuka, ndipo ambiri lero sadziwa zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti mwamuna akafika ndi chida palibe amene ankamufunsa ngati ndi woimba wa bandiyo.

Za masiku ano, Esperanza Spalding, amene anabadwa mu 1984 ku Portland, amaimba uku akuliza besi yaikulu ija yoimika, zimene n'zovuta chifukwa zala zimasunga kayendedwe ka nyimbo pamene mawu akuyenda njira yawoyawo. Anayamba kuphunzitsa ku Berklee College of Music ali ndi zaka 20, ndipo mu 2011 anakhala woimba jazi woyamba kulandira Grammy ya woimba watsopano wopambana. Palibe amene amamutchula osatchula besi yake.

Chisale

Ndikuvomereza, a Gama, koma ndibwereranso pa funso la amene ali ndi mphamvu pojambula. Blossom Dearie, amenenso ankadziliza yekha pa piyano, anayambitsa kampani yakeyake ya zimbale yotchedwa Daffodil m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso womuuza kuti achoke pa piyano kapena nyimbo zimene ayenera kujambula.