Ndingapange ndekha mankhwala otsukira mano a banja lonse?

NaPhiri wa ku Dedza:
Abale, ndithandizeni maganizo. Pakhomo panga tilipo 7, ndipo chubu cha Colgate sichikhalitsa, ana amachita kufinya ngati akudzoza buledi. Chigwetsereni ndalama ya kwacha mu Novembala 2023, ndikalowa m'golosale ndimayamba ndawerengera sopo, mchere ndi mafuta ophikira, za mano zimabwera pamapeto. Mlamu wanga wandiphunzitsa kusakaniza masupuni awiri a soda, yemwe uja timathira mu therere, ndi mafuta a kokonati komanso kamchere kosalala. Ndapanga m'kabotolo ndipo ndikutsukira ndekha kaye. Mkamwa mukuyera ndithu, fungo la m'mawa likutha, kungoti kuno kuzizira, mafutawo akumaundana mpaka ndimachita kupala ndi kasupuni. Ena akuti ndiwonjezere makala osinja ndi madzi a mandimu kuti mano ayere mbee. Nkhawa yanga ili pa ana: wamng'ono ali ndi zaka 4, winayo 9. Kodi ndingawapatse zimenezi n'kusiyiratu zogula?

Gogo Che Jafali:
Mwanangu, ife ku Mangochi tinakula osadziwa chubu. Timathyola kamtengo, kutafuna kunsonga mpaka kachite manyenje, ndiye kukwecha dzino lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Mpaka lero ndimatero ndisanapite ku swala. Kumene kuli mitengo ya nimu, nthambi yake imagwiranso ntchito, koma imawawa. Koma musaiwale kuti masiku amenewo shuga tinkamuona pa chikondwerero basi. Adzukulu anga lero ndi maswiti, mafilizesi ndi tiyi wa masupuni atatu. Mano awo akukumana ndi zimene athu sanakumane nazo.

Wa za mano, Zomba:
Mayi NaPhiri, mwachita bwino kufunsa musanawapatse ana. Ndimagwira ntchito ya mano, ndiye ndiyankha mosabisa.

Soda alibe vuto lalikulu. Sakwecha mano mwamphamvu, ndipo amachepetsa asidi mkamwa. Mandimu ndiye ayi, chonde musayerekeze. Chikutu cholimba cha dzino chimasungunuka ndi asidi, ndipo chikatha sichimeranso. Makala ndi phulusa nazonso zimapala chikutu chomwecho. Masabata oyamba mano amaoneka owala, kenako munthu ayamba kumva kuwawa akamwa madzi ozizira, mano n'kuyamba kuoneka achikasu chifukwa zamkati zayamba kuonekera. Mchere wamiyala umatupula nkhama.

Chimene chikusowa m'kabotolo mwanumo ndi fluoride. Ndiye amalimbitsa dzino pamene layamba kudyeka, lisanabowoke. Simungamuthire nokha kukhitchini chifukwa muyezo wake ndi wochepetsetsa, ndipo akachuluka amavulaza. Mukagula chubu, yang'anani kumbuyo: muyezo wa fluoride uzikhala 1000 mpaka 1500 ppm. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Mwana wanu wa zaka 9 mano ake achikulu akutuluka panopa, amenewo ndi oti adzatafunire moyo wake wonse. Ine sindingamuchotsere fluoride.

Koma vuto lanu la ndalama lili ndi njira. Anthu ambiri amawononga mankhwala podzaza mswachi wonse ngati mmene amaonetsera pa TV. Mwana wosakwana zaka 3 amafunika kadontho konga njere ya mpunga. Wa zaka 4 uja, konga njere ya nsawawa, ndipo ngakhale inu akuluakulu zomwezo zikukwanirani. Chubu chizikhala ndi inu, muziwafinyira nokha. Atsuke kawiri pa tsiku kwa mphindi ziwiri, makamaka usiku pokagona. Akamaliza alavule basi, asachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Zosakaniza zanuzo mutha kutsukira masana mukadya, kapena pamene chubu chatha mwezi usanathe, chifukwa chochotsa zonyansa kwenikweni ndi mswachiwo.

Bambo a Tadala:
Adokotala, nanga ife a ku Nathenje? Kuno ana ambiri ali ndi mano a mawanga ofiirira, ndipo tinauzidwa kuti madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka kuposa malire a WHO a 1.5 mg pa lita. Ndinamvanso kuti madera ena a ku Machinga ndi Nsanje zili chimodzimodzi. Kodi sitikuwonjezera vuto?

Wa za mano, Zomba:
Funso labwino, Bambo. Mawangawo amabwera ndi fluoride amene mwana wameza mano akadali kupangika mkati mwa nkhama, mpaka cha m'zaka 8. Choncho kwanuko choyamba kuyang'ana ndi madzi akumwa, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Funsani alangizi a zaumoyo ngati mjigo wanu unapimidwa. Ana azitsukabe ndi kadontho kakang'ono, inu muli pompo kuonetsetsa kuti alavula. Mano amene achita kale mawanga musawakweche ndi makala, mawangawo ali mkati mwa dzino, sangachoke ndi kupala.