Nambala 13 akuti ndi bondo koma kadontho kakugwera pa chigongono

Wofunsa: Akuluakulu ndithandizeni. Ndikupanga pulogalamu yowerenga masikwati (kunjuta ndi kudzuka) pa kamera ya laputopu. Imaika timadontho pa ziwalo za thupi, kalikonse ndi nambala yake, n'kuyeza ngodya ya bondo. Documentation ikuti nambala 13 ndi bondo lakumanzere, koma kadontho kakugwera pa chigongono, ndipo pulogalamu ikuwerenga sikwati munthu akangokweza mkono. Laputopu ikutentha ngati mbaula, bandulo yatha kawiri, mnzanga wa pulojekiti sakuyankha foni, ndipo tikupereka Lachisanu. Ndalakwa pati?

Kodi_ndi_Python: Library yake iti, achimwene? Zikuoneka kuti mukuwerenga manambala a ziwalo a mndandanda wa COCO koma mukuyendetsa library ya MediaPipe, yomwe ili ndi manambala akeake. COCO ili ndi mfundo (timadontho) 17 ndipo 13 ndi bondo lakumanzere. MediaPipe Pose ili ndi 33: 13 ndi chigongono chakumanzere, chiuno 23, bondo 25, kakolo 27.

MkuluWaSensa: Vuto ndi kamerayo! Kamera wamba siyeza mtunda wochokera pa diso lake kufika pa munthu, ndiye z (mtundawo) ndi yongoyerekeza. Kinect v2, sensa yoyeza mtunda, imapereka mfundo 25 m'mamita enieni. Pezani sensa.

Kodi_ndi_Python: Bwana, sensa ingasinthe bwanji nambala yolakwika? Komanso Kinect v2 inasiya kupangidwa.

MkuluWaSensa: Ndiye Azure Kinect, mfundo 32, ngakhale nayo inasiya kupangidwa mu 2023. Koma iyo ndi mamilimita, mukasakaniza ndi code ya v2 munthu amakula ka 1,000. Achinyamata mumangokopera code osaona miyeso, nchifukwa chake mukuvutika.

NaData: Munthu watha bandulo inu mukuti agule sensa? Wofunsa, mukakonza nambalazo ngodya ikhalabe yolakwika ngati simusamala apa. Mu MediaPipe x amagawidwa ndi m'lifupi mwa chithunzi, y ndi msinkhu wake. Pa chithunzi cha 1280x720 chulukitsani x ndi 1280, y ndi 720 musanawerengere ngodya, apo ayi mwendo umapindika mwabodza. Kapena tengani world landmarks, timadontho tina ta MediaPipe, omwe ali m'mamita ndipo ziro ili pakati pa chiuno.

Wa_OpenCV: Onaninso ngati muli ndi cv2.flip (yotembenuza chithunzi ngati kalirole) musanapereke chithunzi ku model yozindikira ziwalo. Kumanzere ndi kumanja zimasinthana. Tembenuzani pomaliza, poonetsa basi. Ndipo y amakula potsika, ndiye munthu akanjuta y wa chiuno amakula. Ngati mukuyendetsa model ina ya MoveNet, 13 ndi bondodi, koma imapereka y koyamba, kenako x.

MkuluWaSensa: Zonsezi ndi zigamba. Munthu akayang'ana kamera maso ndi maso, bondo limapindikira kwa kamera ndipo ngodyayo sioneka pa chithunzi chafulati.

NaData: Apo mwanena zoona, koma mankhwala ake ndi kuimika munthuyo cham'mbali, thupi lonse lilowe m'chithunzi, ndi kutaya mafuremu omwe visibility (muyeso wa kuoneka) ya bondo yatsika pansi pa 0.5.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndaika 25, kadontho kafika pa bondo, koma kali pa mwendo winawo.

Wa_OpenCV: Ndi flip imeneyo. Tumizani mzere womwe mukuwerengera kamera, ndipo mutiuze dzina la library ndi version yake.