Kodi "Leibchen" chinali chovala chanji kwa ana asukulu a ku Germany?

Wofunsa, ku Stuttgart:
Moni nonse a pagulu pano. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo pali agogo ena aamuna amene akati ayambe kukamba za sukulu, salephera kutchula "Leibchen", akuti ankadana nayo koopsa. Ine Leibchen imene ndikuidziwa ndi kavesiti kowala kamene ana amavala pamwamba pa jezi pophunzira mpira. Nanga mwana angadane nako chifukwa chiyani? Inu amene mwakhalitsa kuno, tandimasulireni.

Mayi wa ku Köln:
Achemwali, dzina ndi lomwelo koma chovala ndi china. Leib ndi mawu akale otanthauza thupi, ndipo -chen ndi kuchepetsa, ngati ka- wathu uja. Kale Leibchen kanali kamalaya kam'kati kopanda manja, ka mabatani, m'munsi mwake mukulendewera timalamba. Timalambato tinkagwira masokosi aatali a ubweya wa nkhosa, ofika m'ntchafu, kuti asamatsike. Ankavala atsikana ndi anyamata omwe, ndipo chidani cha agogo anuwo chagona pamenepo. Mnyamata ankapita kusukulu atavala kabudula ngakhale kunja kuli chisanu. Ambiri thalauza lalitali ankaliona pa Konfirmation, polandiridwa mumpingo ali ndi zaka ngati 14. Masokosiwo ankayabwa, mwana akakhala pabenchi timalamba tinkasuzumira kunsi kwa kabudula, ndipo pakati pa sokosi ndi kabudula pankatsala khungu loti mphepo izilimenya. Tawafunsani mawa za kuyabwako, muona mmene nkhope iti ikwinyikire.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Ndiye kuti inali mbali ya yunifolomu?

Bambo wa ku Leipzig:
Ayi achemwali, sukulu za boma kuno sizinakhalepo ndi yunifolomu ya dziko lonse. Ana pazithunzi zakale amaoneka ofanana chifukwa makolo ankagula zofanana basi. Nthawi ya mfumu Wilhelm II, amene analamulira kuyambira 1888 mpaka 1918 ndipo ankakonda kwambiri sitima zankhondo, ana a mabanja opezako bwino ankavala Matrosenanzug, suti yotengera ya asilikali apanyanja, ya kolala yaikulu yogwera kumsana. Kampani yotchuka nazo inali konko kwanu ku Stuttgart, ya Bleyle, imene Wilhelm Bleyle anayambitsa mu 1889. Masuti ake anali oluka, ndipo mwana akakula mumatha kubweza suti kufakitale kuti akatalikitse manja ndi miyendo. Atsikana ankamanga epuloni pamwamba pa diresi kuti lisade, poti kuchapa kunali kwa pamanja. Chinthu chimene chinayandikirako yunifolomu ndi zipewa za anyamata a ku Gymnasium (sekondale yokonzekeretsa ana kupita ku yunivesite), zimene mtundu wake unkasonyeza sukulu kapena kalasi. Chipani cha Nazi chinazithetsa m'ma 1930, chikufuna kuti ana azidziwika ndi zovala za Hitlerjugend, gulu la achinyamata la chipanicho. Kuno kum'mawa, nthawi ya DDR (dziko lakale la East Germany), ana a m'gulu la boma lotchedwa Pioniere ankamanga kansalu m'khosi, kabuluu kwa ang'onoang'ono, ndipo kuyambira 1973 kofiira kwa okulirapo, koma kankavalidwa makamaka pamasiku a zochitika.

Mayi wa ku Köln:
Abambo, mwatifikitsa kutali, funso linali la kamalaya kam'kati! Kamalaya kaja kanatha m'ma 1960, zitabwera Strumpfhose, masokosi olumikizana mpaka m'chiuno osafuna timalamba. Kenaka jinzi inalanda malo a kabudula wachikopa, anyamata n'kuyamba kufunda miyendo ngati anthu.

Mnyamata wa ku Vienna:
Pepani akuluakulu, ndiponyepo kanga. Kuno ku Austria mawuwa akadali amoyo ndithu. Timati Leiberl, ndipo ndi tisheti wamba kapena jezi ya timu. Mukamva munthu akuti "kein Leiberl haben", akutanthauza kuti alibe mwayi ngakhale pang'ono, ngati wosewera amene sanapatsidwe jezi. Ndiye achemwali, mukadzabwera kuno wina n'kukutamandirani Leiberl, musadzayang'ane ngati timalamba tikuoneka.